POTO WOLANKHULA: MBIRI YA WAILESI YA ANTHU WAMBA

Akulu akale anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwa alendo onse amene analowa m'dziko la Kum'mawa, kwa Mpezeni, kwa Undi ndi kwa Kalindawalo, pakati pa nkhondo yaikulu yaciwiri ndi tsiku la ufulu wa Zambia, panalibe wina amene anasintha macezedwe a madzulo koposa kanthu kena kobulungira, kopakidwa utoto wonga thambo, kamene Azungu anakacha Saucepan Special, ndiko kunena kuti wailesi ya poto. Masiku ano mwana wa sukulu ku Chipata ayenda ndi lamya m'thumba mwace, namva nayo nyimbo ndi nkhani za maiko akutali osadabwa konse. Koma agogo ace a mwanayo anayamba kumva liu la munthu wa ku Lusaka lirikutuluka m'poto wa citsulo. Mbiri ya poto ameneyu iyenera kudziwika, pakuti iphunzitsa kusiyana kwa cipangizo cabwino ndi cipangizo congokongola.

MAU ASANAYAMBE KUULUKA

Kale mbiri inali kuyenda ndi miyendo. Mfumu ikafuna anthu ace inali kutuma mthenga wothamanga, ndipo pakagwa maliro ng'oma ndi mfuu ya akazi ndizo zinali kuuza midzi yoyandikana. Kuciyambi kwa caka ca 1898 asilikari a Angerezi ocokera ku Nyasaland anathyola mphamvu ya Angoni a Mpezeni, napha Nsingo mwana wa mfumu, nalanda ng'ombe zambiri. Mu 1899 anamanga boma la Fort Jameson, pamene pali mzinda wa Chipata lero, ndipo linakhala likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Waya wa lamya amene Cecil Rhodes anafuna kuti acokere ku Cape ndi kukafika ku Cairo anapita ca ku Blantyre ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo nthambi yace inapatuka nidzafika ku Fort Jameson. Koma waya ameneyo anali wa Boma ndi wa Azungu a malonda; munthu wamba anali kungomuona alikudutsa pamwamba pa munda wace. Makalata anali kunyamulidwa ndi amtokoma, amuna olimba obvala zofiira, amene anali kuyenda pansi masiku ambiri m'nkhalango za mikango, thumba liri pamutu.

Nthawi yomweyo msonkho wa nyumba ndi kucepa kwa minda, pakuti dziko lalikulu linatengedwa ndi kampani ya North Charterland ndi alimi a fodya, zinatulutsa amuna m'midzi. Ena anapita ku Walale, ena ku Wankie kukakumba malasha, ena ku Joni, ena ku Broken Hill. Ndipo pamene migodi ya mkuwa inatseguka ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, Angoni, Acewa, Ansenga ndi Akunda anakhamukira kumeneko. Mwamuna akacoka, mkazi wace anali kukhala miyezi osamva kanthu. Kalata ikabwera anali kupita nayo kwa mphunzitsi kuti amuwerengere, ndipo zinsinsi za m'nyumba zinali kumveka kwa munthu wapadera. Amene analeka kulemba anachedwa machona. Boma linayamba nyuzi ya Mutende mu 1936, koma odziwa kuwerenga anali owerengeka, makamaka pakati pa akazi ndi okalamba. Cotero m'dziko munali njala ziwiri: njala ya ndalama imene inali kucotsa anthu kwao, ndi njala ya mau imene inali kugwira opita ndi otsala omwe.

NKHONDO IBALA NYUMBA YA WAILESI

Pamene nkhondo ya Hitler inabuka mu 1939, anyamata ambiri a Kum'mawa analembedwa usilikari mu Northern Rhodesia Regiment, ndipo gulu limeneli linatumizidwa ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Boma linaona kuti mphekesera ziri kuyenda msanga koposa nyuzi, ndipo mu 1941 linaika makina ang'ono oulutsira mau ku Lusaka kuti anthu amve za nkhondo ndi za ana ao. Mphamvu ya makinawo inali mawati 300 okha, yosafika ngakhale pa mphamvu ya simbi ya magetsi yositira zobvala. Mawailesi omverera anaikidwa pa maboma, m'maholo a m'makomboni ndi ku mabwalo a mafumu ena. Koma njira imeneyi inali ndi zobvuta zace. Munthu anayenera kuyenda mtunda kuti akamve mau a mphindi zowerengeka. Pa khamu la anthu phokoso linali kumiza mau. Akazi anali kutsala pa moto. Ndipo wailesi ikafa inali kukhala nthawi yaitali yosakonzedwa.

Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, Bwana Harry Franklin, anaganiza kuti nyumba ya wailesi ya ku Lusaka ikhale ya anthu akuda makamaka, iwalankhule m'zinenero zao. Popeza dziko limodzi silikanatha kulipira lokha, maboma a Southern Rhodesia ndi Nyasaland anabvomera kuthandiza, ndipo Boma la ku Mangalande linapereka ndalama zogulira makina. Motero inabadwa Central African Broadcasting Station, imene inali kuulutsa mau m'Cinyanja, Ciwemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Koma panatsala funso lalikulu: adzamvera ndani? Mawailesi a m'masitolo a Azungu anali a mapaundi ambirimbiri, ndipo anali kufuna magetsi kapena batire lonyowa longa la galimoto, lofuna kudzazidwa mphamvu kawirikawiri. M'midzi ya kwa Maguya, kwa Nzamane kapena kwa Kawaza magetsi anali nkhani ya kumaloto. Nyumba ya wailesi yopanda omvera inali ngati ng'oma yolira pa bwalo lopanda obvina.

ZAKA ZITATU ZA KUFUNAFUNA

Bwana Franklin anadziwa bwino cimene anali kufuna. Wailesiyo ikhale yotsika mtengo kuti kalaliki, mphunzitsi kapena wa pa mgodi athe kuigula. Iyendere batire louma. Igwire mau ocokera kutali. Ndipo ipirire pfumbi, cinyezi ndi kugwedezeka kwa pa msewu. Anatha zaka 3 alikulemba makalata ndi kugogoda pa makomo a eni mafakitale, ndipo ambiri anawakana, poganiza kuti munthu wakuda alibe ndalama zogulira wailesi, ndi kuti pa kanthu kotsika mtengo cotero palibe phindu. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande inabvomera. Nchito yeniyeni ya kampani imeneyi inali kupanga mabatire, ndipo eni ace anaona cimene anzao sanacione: ngakhale phindu la pa wailesi likhale laling'ono, munthu woigula adzabweranso kudzagula batire caka ndi caka. Pamenepo cifuniro ca Boma ndi nzeru ya malonda zinakomana.

Dzina la wailesiyi linacokera pa cibadwidwe cace. Amisiri pofuna cotengera colimba ndi cosadula anatenga poto wophikira wa aluminiyamu, wopanda cogwirira, naika zipangizo zonse m'kati mwace. Panalibe cifukwa coonongera ndalama pa kupanga bokosi latsopano pamene opanga mapoto anali nazo kale zikombole zao. Mawailesi owerengeka oyesera anafika ku Northern Rhodesia mu 1948, ndipo mu 1949 malonda ace anayamba.

MAPANGIDWE ACE

Wailesiyi inali yobulungira, mainci 9 m'mimba mwace, yoimikidwa cam'mbali. Thako la poto ndilo linali nkhope yace, ndipo pamenepo panali potulukira mau ndi zopotokola ziwiri zokha: cina coyatsira ndi kukweza mau, cina cofunira nyumba ya wailesi. Munthu wosadziwa kuwerenga anali kuiphunzira tsiku limodzi. Ciri conse ca pa thupi lace cinali ndi cifukwa cace. Bokosi la matabwa, longa la mawailesi a Azungu, likanadyedwa ndi ciswe ndi kufufuma m'dzinja. Aluminiyamu sadyedwa ndi ciswe ndipo sacita dzimbiri. Mabowo onse anatsekedwa ndi kaukonde kuti mphemvu, nyerere ndi mavu zisalowe kukamanga m'kati, pakuti tizirombo timeneti tikonda malo ofunda ndi a mdima. Kumbuyo kunatsekedwa kolimba kuti mwini wace asatsegule ndi mpeni ndi kuononga zam'kati. Ngakhale utoto wace sunasankhidwe mwangozi: kunanenedwa kuti anayamba afunsafunsa za miyambo ya mitundu ya kuno, napeza kuti mtundu wa buluu ndiwo unalibe mbiri ya tsoka.

M'kati munali mavavu 4, timababu ta galasi timene nchito yace inali kukuza mau ofooka ogwidwa m'mlengalenga. Timababu timeneti tinali kufuna mphamvu za mitundu iwiri: yaing'ono, ya mavoti 1.5, yotenthetsa kawaya ka m'kati mwace, ndi yaikulu, ya mavoti 90, yoyendetsa mau. Cifukwa cace batire lace linali lalikulu ndi lolemera ngati njerwa, losatheka kulowa m'poto. Linali kukhala pansi, ndipo wailesi inali kukhala pamwamba pace monga mfumu pa mpando. Batire limodzi linali kutha maola ngati 300. Banja lomvera maola 2 tsiku liri lonse linali kukhala nalo miyezi 5.

Cinthu cina cacikulu ndi ici, kuti wailesiyi inali ya mafunde afupi, kuyambira mamita 25 kufikira 90. Mafunde otere sayenda cokwawa pansi ai. Akwera kumwamba, nagunda mpweya wina wokhala kutali pamwamba pa mitambo, ndipo mpweyawo uwabweza pansi monga khoma libweza mpira. Ndico cifukwa cace mau a ku Lusaka anali kulumpha mapiri ndi cigwa ca Luangwa, mamailosi ngati 350, nagwera ku Fort Jameson, ku Lundazi, ngakhale ku Lilongwe ndi ku Zomba. Ndico cifukwa cacenso mau anali kumveka bwino nthawi zina, nthawi zina nazirala, pakuti mpweya wa kumwambawo usintha usana ndi usiku. Ndipo m'dzinja ziphaliwali zinali kulowetsa kuthetheka m'mau. Mwini wailesi anali kumanga waya wautali ku mtengo kapena ku nsungwi, ndipo nyumba yokhala ndi nsungwi yotere inali kudziwika patali.

POTO AFIKA M'MAKOMBONI NDI M'MIDZI

Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire paundi 1 ndi masheleni 5. Kwa munthu wolima fodya wa Mzungu ku Fort Jameson ndalama zimenezi zinali malipiro a miyezi ingapo. Koma kwa wa pa mgodi, kalaliki, mphunzitsi kapena kapitao zinali zotheka ngati adzimana. Amene anati munthu wakuda sangagule wailesi anacita manyazi, pakuti pa miyezi 3 yoyamba mawailesi 1,500 anagulidwa, ndipo m'zaka zowerengeka zotsatira analowa m'dziko okwana 50,000. Caka comweco ca 1949 ndico cimene a pa migodi anapanga bungwe lao la African Mineworkers' Union motsogozedwa ndi Bambo Lawrence Katilungu. Ndipo malipiro atayamba kukwera m'zaka zotsatira, wailesi inalowa m'gulu la njinga, makina osokera ndi galamafoni, zinthu zimene munthu wobwera ku nchito anali kufuna kuoneka nazo. Wopita kwao pa chuti anali kukwera nayo basi ya Thatcher Hobson pa msewu wa Great East, ataikulunga m'bulangete, batire liri m'sutukesi.

Kumudzi wailesi sinali ya munthu mmodzi. Dzuwa likapendeka anthu anali kusonkhana pa khonde la mwini wace, amuna pa mipando, akazi ndi ana pa mphasa, ndipo mwini wace yekha ndiye anali kugwira copotokola. Nthawi ya cinenero cina ikafika anali kuzima kuti asunge batire. Apa ndipo panaoneka kusiyana kwa wailesi ndi nyuzi: nkhalamba yosaona bwino, mai wosapita ku sukulu ndi mwana woweta mbuzi onse anamva nkhani imodzi nthawi imodzi, popanda wowawerengera. Anamva za ulimi, za kusamala ana, za mpira, za misonkhano ya Boma, ndi za maiko amene maina ao anali asanawamvepo.

Koma cimene cinagwira mitima koposa zonse ndi cigawo ca Zimene Mwatifunsa. Munthu wa ku Mufulira kapena ku Wankie anali kulemba kalata ku Lusaka kupempha nyimbo, nachula maina a makolo ace, mkazi wace ndi alongo ace a kumudzi kuti awapatse moni. Makalata otere anali kufika miyandamiyanda. Mai amene anakhala zaka osamva za mwana wace anali kumva dzina lace ndi la mudzi wace zirikuchulidwa pamaso pa anthu onse, nadziwa kuti mwanayo ali moyo ndipo sanaiwale kwao. Waya wa Rhodes sanacite zimenezi.

Nchito ya m'nyumba ya wailesi inali m'manja mwa Bwana Michael Kittermaster ndi aulutsi akuda aluso. Odziwika koposa anali Bambo Alick Nkhata, oimba ndi gitala, amene kale anali asilikari ku Burma, nayendanso ndi Bwana Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo. Nyimbo zao za m'Ciwemba ndi m'Cinyanja zinali kulangiza ndi kuseka makhalidwe a m'tauni. Analiponso Bambo Andreya Masiye, mwana wa Kum'mawa, amene cigawo cao ca Kabvulumvulu cinali kukondedwa ndi omva Cinyanja. Galimoto ya wailesi inali kuyendera midzi ndi makina ojambulira mau, kotero kuti ng'oma ndi nyimbo za mitundu yambiri zinasungidwa ku Lusaka, ndipo anthu a mtundu wina anayamba kumva zoimba za anzao. Mu 1952 inayamba magazini ya African Listener, yosindikiza nkhani zokambidwa pa wailesi ndi ndandanda ya zigawo zace.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Wailesi ilankhula zimene mwini nyumba youlutsira afuna. Izi zinaoneka poyera pa nkhani ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda a maiko awiri a kumpoto anacikana, poopa kuti ulamuliro wa Azungu a ku Salisbury udzafalikira kwao. Koma nyumba ya wailesi, pokhala ya Boma, inayenera kuulutsa mau a Boma pa nkhaniyo. Pomwepo cikhulupiriro ca omvera cinayamba kugwedezeka. Mu 1952 ndi 1953 mphekesera inafala ku Lusaka ndi ku Migodi yakuti kuli anthu ogwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi, amene Awemba anawacha banyama, ndipo aulutsi akuda a pa wailesi ananenedwa kuti ali m'gulu limenelo. Amuna amene dzulo lace anali kulandiridwa ndi manja awiri anayamba kuyenda ndi mantha. Bwana Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumbayo, analemba za masiku amenewo m'buku lao lochedwa Wayaleshi, la 1959. Mphekeserayo inali yabodza, koma inamera pa cowawa ceniceni: anthu anaona kuti liu limene analikonda lirikulankhulira cinthu cimene iwo anacikana. Citaganya cinayamba mu 1953, ndipo mu 1958 nyumba ya ku Lusaka inalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, imene likulu lace linali ku Salisbury.

Koma mafunde afupi sadziwa malire. Copotokola comwe cija cimene cinali kupeza Lusaka cinali kupezanso London ndi Dar es Salaam. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 Bambo Masiye anapita ku Tanganyika, kumene anali kuulutsa mau a cipani ca UNIP kwa anthu a kwao. Cipangizo cimene Boma la atsamunda linafalitsa kuti anthu amve mau ace cinasanduka khomo lolowera mau a olitsutsa. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 24 October 1964 anthu ambiri a Kum'mawa anamva za kubadwa kwa Zambia atazungulira wailesi. Bambo Nkhata anakhala mmodzi wa akulu a nyumba ya wailesi ya dziko latsopano. Anafa mu 1978 ku Mkushi pamene asilikari a Rhodesia anaukira dera limenelo, ndipo msewu wa ku Lusaka umene pali nyumba ya ZNBC uchedwa ndi dzina lao.

OLOWA M'MALO A POTO

Cimene cinapha poto ndi kanthu kakang'ono kochedwa transistor, kamene kanatulukiridwa ku America mu 1947. Kameneka kagwira nchito ya vavu, koma sikafuna kutenthedwa, sikasweka msanga, ndipo kadya mphamvu pang'ono. Wailesi ya transistor inayamba kugulitsidwa ku America mu 1954, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inadzaza masitolo a kuno. Inali kuyendera mabatire a toci opezeka m'kasitolo kali konse, ndipo munthu anali kutha kupita nayo kumunda kapena kuipacika pa njinga. Mawailesi a Supersonic anali kupangidwa ku Bulawayo ndi ku Livingstone, ndi a Nzeru ku Blantyre. Pa mawailesi amenewa ndi pamene a Kum'mawa anamvera nthano za Bambo Julius Chongo m'cigawo ca Poceza M'madzulo. Mapoto akale anatayidwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo otsala lero ali m'nyumba zosungiramo zakale.

Kwa zaka zambiri liu la dziko linali kucokera ku Lusaka kokha. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990, pamene Boma linalola mipingo ndi anthu ena kutsegula nyumba zao za wailesi. Ku Chipata Akatolika anatsegula Radio Maria, ndipo Bambo Mike Daka, mtolankhani wakale, anayamba Breeze FM. Ku Lundazi kunatsegulidwa Chikaya, ku Katete Mphangwe. Nyumba zimenezi ziyendera mafunde a FM, amene sapita kutali koma amveka bwino popanda kuthetheka. Pa Breeze FM panachuka mphunzitsi wakale wochedwa Gogo Breeze, amene anali kuwerenga makalata a omvera, kuyendera midzi, ndi kufunsa olemba nchito ndi akulu a Boma za madandaulo a alimi ndi anchito. Mphunzitsi wa ku Cambridge, Harri Englund, analemba buku la iwo mu 2018. Mwambo unali womwe uja wa Zimene Mwatifunsa, koma tsopano wolemba kalata anali kupempha cilungamo pamodzi ndi nyimbo.

Nzeru ya kupangira cinthu malo ace sinafe pamodzi ndi poto. Mu 1991 Mngerezi wina dzina lace Trevor Baylis anapanga wailesi yopukusa ndi dzanja, yosafuna batire, ndipo fakitale yace inatsegulidwa ku Cape Town. Mu 2003 kunatuluka lamya ya m'manja ya Nokia 1100, yokhala ndi toci, mabatani osalowa pfumbi ndi batire lokhalitsa, ndipo zinagulidwa zoposa 200 miliyoni pa dziko lonse. Eni malamya a Tecno ndi itel anapambana mu Africa pakuikamo malo a makadi awiri ndi wailesi ya FM. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kupyolera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia. Lero wa pa mgodi ku Chingola kapena ku Solwezi salembanso ku Lusaka kuti apereke moni. Atumiza liu lace pa WhatsApp, ndipo mai wace akatenga ndalama pa kanyumba ka ku msika wa Kapata tsiku lomwelo. Komabe bvuto lakale la mphamvu silinathe. Mu 2024 cirala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ambiri anabwerera ku wailesi ya mabatire ndi ku timbale togwira mphamvu ya dzuwa.

Mbiri ya poto isiya mafunso amene munthu wanzeru ayenera kufunsa asanatulutse ndalama zace pa cipangizo catsopano ciri conse. Kodi cinapangidwira dziko la pfumbi, ciswe ndi mvula, kapena dziko lina? Kodi cidzadya ndalama zingati citagulidwa kale? Pakuti eni Ever Ready anadziwa kuti phindu liri pa batire, monga eni malamya adziwa kuti liri pa mayunitsi ndi mabandulo. Kodi cikafa adzacikonza ndani? Ndipo loposa onse, kodi liu lotulukamo ndi la yani, ndipo mwini liuyo afuna ciani? Anthu a 1952 anayankha funso lotsirizali ndi mphekesera, nabvutitsa amuna osalakwa. A lero ali ndi nyumba za wailesi zambiri zoti ayerekeze mau ace, ndi lamya yofunsira nayo mwini nkhani asanaifalitse; cotero alibe cowiringula. Safunsa anadya phula.